Ndingadziwe bwanji kuti cluster yanga ikwanitsa DHIS2 ndisanaiike?

mlongo_wa_seva | Lachiwiri, 8:20 m'mawa

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga muno osalankhula, koma lero zandifika pakhosi, ndipo paja safunsa anadya phula.

Ndimagwira ntchito ya IT pa kabungwe kena ka zaumoyo kuno ku Zomba. Ndikati IT ndikutanthauza chilichonse chokhala ndi waya: printer ikatafuna pepala amaitana ine, projector ikakana kuyaka amaitana ine, tsiku lina mpaka anandiitanira ketulo. M'kachipinda komwe kale tinkasungiramo mafayilo muli makina atatu omwe ndinawalumikiza kukhala cluster (gulu la makina ogwira ntchito limodzi) ya k3s, mtundu wopepuka wa Kubernetes, yomwe imayendetsa mapulogalamu pa makina angapo. Seva1 ili ndi ma core 4 ndi RAM ya 8GB, ndipo ndiyo mutu wa cluster. Seva2 ili ndi ma core 4 ndi 16GB. Seva3 ndi desktop yakale yomwe a ku accounts anaitaya, ma core 2 ndi 8GB. Pamenepa pakuyenda Nextcloud ya mafayilo a mu ofesi pamodzi ndi MariaDB yake, pulogalamu ya kafukufuku yomwe anatipangira consultant wina chaka chatha, ndi tizinthu tina ting'onoting'ono.

Nkhani ndi iyi. Abwana akufuna tikhale ndi DHIS2 (pulogalamu yosungira ziwerengero za zaumoyo) yathuyathu yophunzitsira. Anzathu a m'zipatala zomwe timagwira nazo ntchito amalowetsa malipoti a mwezi ndi mwezi mu DHIS2 ya boma, koma munthu watsopano simungamuphunzitsire pamenepo, chifukwa akalakwitsa waipitsa ziwerengero zenizeni. Maphunziro ayamba Lolemba likubwerali, anthu 25, ndipo makalata oitanira anthu anatuluka ine ndisanafunsidwe n'komwe.

Ma YAML, mafayilo ouza cluster zoti iike, ndalemba kale. DHIS2 ndaipatsa request ya memory 4Gi ndi CPU imodzi. Database yake, PostgreSQL yokhala ndi PostGIS, ndaipatsa 2Gi, CPU 500m, ndi disiki ya 50Gi. Ndikayendetsa `kubectl top nodes`, lamulo loonetsa CPU ndi memory zomwe makina aliwonse (node) akudya, ndikuona izi:

```
NAME    CPU(cores)   CPU%   MEMORY(bytes)   MEMORY%
seva1   410m         10%    3180Mi          40%
seva2   520m         13%    6150Mi          38%
seva3   190m         9%     2540Mi          32%
```

Masamu anga a ku pulayimale akuti memory yongokhala ilipo yopitirira 19Gi, ndipo ine ndikufuna 6Gi basi. Zikuoneka ngati palibe vuto. Koma mtima sukundipatsa, chifukwa m'mwezi wa March ndinayesa kuika pulogalamu ina, top inkaonetsanso malo ambiri chonchi, koma pod (kaphukusi komwe pulogalamu imayendera mu cluster) inangokhala Pending, kudikira osayamba, masiku awiri. Ndinaifufuta n'kuiikanso katatu, osasintha kanthu, mpaka ndinangoisiya.

Ndiye funso langa: pali njira yodziwiratu, ndisanaike, kuti makinawa akwanitsa? Chomwe ndikuopa kwambiri ndi kugwetsa Nextcloud, chifukwa muli malipoti onse opita kwa ma donor, ndipo ikagwa sabata ino mundimva ndikufunsa za ntchito muno.

wa_ku_Joburg | Lachiwiri, 9:05 m'mawa

Achemwali, `kubectl top` siikuyankha funso lanulo. Iyo imakuuzani memory yomwe ikudyedwa mphindi ino. Koma scheduler, amene amasankha node yoti pod ikakhalepo, sayang'ana zimenezo ngakhale pang'ono. Iye amayang'ana ma request, kutanthauza memory ndi CPU zomwe pod iliyonse inalembetsa kuti ndi zake, kaya ikuzigwiritsa ntchito kaya ayi.

Taganizani basi yolipiriratu mipando yochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Mukasuzumira pa windo mukuona mipando khumi yopanda anthu, koma wogulitsa matikiti akukanani kuti yadzaza. Eni mipandoyo analipira kale, ena akakwerera pa Ntcheu, ena sabwera n'komwe. Inu mwakhala mukusuzumira pa windo, pomwe scheduler amawerenga buku la matikiti.

Bukulo mulipeza ndi `kubectl describe node seva1`, kenako seva2, kenako seva3. Zimatuluka zambirimbiri, koma inu muyang'ane malo atatu. Pamwamba pali Allocatable, yomwe ndi memory ndi CPU zomwe ma pod akuloledwa kugawana pa node imeneyo. Pakati pali Non-terminated Pods, mndandanda wa pod iliyonse ndi zomwe inalembetsa. Kumunsi kuli Allocated resources, komwe awonkhetsa zonse. Chotsani ma request pa Allocatable, zotsalazo ndiwo malo enieni.

Ndipo muchite zimenezi node iliyonse payokha. Apa m'pomwe ambiri timagwera. Pod siigawika. Mukakhala ndi ng'ombe imodzi ndi matola atatu, aliyonse ali ndi malo a mbuzi ziwiri, simunganene kuti kuphatikiza malo onsewo ng'ombe ikwana. Pod ya 4Gi ikufuna node imodzi yokhala ndi 4Gi yosalembetsedwa.

Ya March ija, mukanalemba `kubectl describe pod` n'kutsikira kumunsi pa Events, ndikukhulupirira mukanapeza mawu akuti `0/3 nodes are available: 3 Insufficient memory`. Kuifufuta n'kuiikanso kunali ngati kutuluka pa mzere wa matikiti n'kukaimanso kumbuyo.

Zina ziwiri. Musadalire `kubectl apply --dry-run=server` pa nkhani iyi; imangoona ngati API yalandira YAML yanu, scheduler safunsidwa. Komanso yang'anani `kubectl get resourcequota,limitrange -A`. Pa cluster yanu mwina mulibe, koma kuno kuntchito ndinatayapo theka la tsiku ndikufunafuna pod yomwe sinabadwe n'komwe, osati Pending, kulibiretu. Namespace (chigawo cha cluster) inali itafika pa quota yake, malire omwe inapatsidwa, ndipo uthenga wokana unali pa ReplicaSet, yomwe imapanga ma pod, osati pa pod.

Tumizani manambalawo tiwerengere limodzi.

mlongo_wa_seva | Lachiwiri, 9:40 m'mawa

Zikomo achimwene. Ayi ndithu, ndachita manyazi, lamulo limeneli ndalilembapo kambirimbiri koma sindinkafika kumunsiko. Nazi za memory:

```
        Allocatable   Requests
seva1   7880Mi        5300Mi  (67%)
seva2   15900Mi       12850Mi (80%)
seva3   7880Mi        5010Mi  (63%)
```

Ndiye kuti zotsala ndi 2580Mi, 3050Mi ndi 2870Mi. Kuphatikiza ndi 8500Mi, zomwe zikuposabe 6Gi yanga, koma ng'ombe ija siikwera matola aliwonse. Ndamvetsa. CPU ilibe vuto, palibe node yomwe yafika theka. Quota mulibe.

Chondidabwitsa n'chakuti seva2 yalembetsedwa 12850Mi pomwe ikudya 6150Mi yokha. Chinanso, sindikudziwa ngati chili ndi tanthauzo: pa ma node onse atatu, nambala ya memory pa Capacity ndi ya pa Allocatable n'zofanana ndendende.

kamdothi | Lachiwiri, 9:52 m'mawa

Sisi musadzivutitse ndi masamu. Ingochotsani mzere wa resources wonsewo mu YAML ya DHIS2. Pod yopanda request scheduler amaiika paliponse, safunsa. Memory yeniyeni ilipo 19Gi, mwaiona nokha pa top. Ine pa kacluster kanga ka ma Raspberry Pi awiri sindinaikepo request ngakhale imodzi ndipo chaka chatha zinthu zikuyenda bwinobwino. Za ma request izi n'za anthu a makampani aakulu omwe amalipira cloud.

wa_ku_Joburg | Lachiwiri, 10:30 m'mawa

A kamdothi sananame kuti pod ikhala Running. Zomwe zingachitike Lolemba anthu 25 atalowamo ndi nkhani ina, koma imeneyo ndisiyira ena, ine ndibwerere ku seva2.

Achemwali, kusiyana kwa 12850Mi ndi 6150Mi kukutanthauza kuti pali wina wagula mipando yambiri osaikhala. Tsegulani mndandanda wa Non-terminated Pods wa seva2, muuike pambali pa zotsatira za `kubectl top pods -A --sort-by=memory`, muone amene analembetsa zambiri koma akudya zochepa. Ndikukayikira pulogalamu ya consultant ija. Anthu opanga mapulogalamu amakonda kulemba nambala yaikulu kuti asadzaimbiridwe foni, makina si awo.

Koma musathamangire kudula potengera top ya m'mawa uno. Top ndi chithunzi cha mphindi imodzi. Ngati pulogalamuyo imatanganidwa kumapeto kwa mwezi, kapena usiku ikamapanga malipoti, muyenera kudziwa pomwe imafika ikakhala pachimake, ndipo request yatsopano ikhale pamwamba pa pamenepo. Funsani amene amaigwiritsa ntchito kuti tsiku lake lotanganidwa ndi liti.

Mukakonza, pali kanjira kophweka koyesera musanaike DHIS2 yeniyeni. Pangani pod ya busybox (kapulogalamu kakang'ono kwambiri) yongogona ndi `sleep`, koma muipatse request ya 4Gi ndi CPU imodzi, ndi inzake ya 2Gi. Sizidya memory iliyonse, zingolembetsa malo. Zikakhala Running, `kubectl get pods -o wide` ikuuzani kuti zakwera node iti. Zikakhala Pending, mwadziwa popanda kuwononga kanthu. Kenako muzifufute. Apa mukhala mwamufunsa scheduler mwiniwake m'malo momuganizira.

Chomaliza, chomwe chimawagwira anthu sabata yachiwiri osati yoyamba. Deployment, yomwe imayang'anira ma pod a pulogalamu, ikamasinthidwa, mwachibadwa imayamba yadzutsa pod yatsopano isanaphe yakale. Manambala ake ndi maxSurge 25% ndi maxUnavailable 25%, ndipo mukakhala ndi pod imodzi yokha, woyambayo amamukweza kufika 1, wachiwiriyo amamutsitsa kufika 0. Ndiye tsiku lomwe mudzasinthe ngakhale kamzere kamodzi mu YAML ya DHIS2, cluster idzafuna 4Gi inanso kwa kanthawi. Ikapanda kupezeka, yatsopanoyo idzangokhala Pending, yakale ikuyendabe, inu n'kumadabwa kuti kusintha kwanu sikukuoneka. Pa makina ophunzitsira ngati amenewa ikani `strategy: type: Recreate`, izime kaye yakale. Anthu adikira mphindi zingapo, palibe amene afe.

agogo_a_linux | Lachiwiri, 1:15 masana

Ndadya kaye nsima kuti ndiyankhe ndili wodekha.

A kamdothi, mwana wanga, ma Raspberry Pi anuwo akagwa amene amadandaula ndi inu nokha. Mayiwa ali ndi malipoti a ma donor. Pod yopanda request ndi limit iliyonse Kubernetes amaiika m'gulu la BestEffort, ndipo memory ikathina pa node ndiyo yoyamba kuphedwa. Zikanathera pomwepo bwenzi ndili chete. Koma popeza scheduler akuiona ngati yosalemera kanthu, angathe kuiponya pa seva1, pomwe pali 8GB yokha ndi k3s mwiniwake. DHIS2 ndi Java, ndipo Java yopanda malire imayang'ana memory ya makina onse n'kumadzitambasula. Node ikayamba kupuma movutikira zonse zokhala pamenepo zimavutika nayo limodzi, ndipo ikakhala seva1 ngakhale `kubectl` imene simuyankha. Ndinaziona, osati kamodzi.

CPU ndi memory musazione mofanana. Pod ikapyola limit ya CPU imangochedwetsedwa. Ikapyola limit ya memory kernel amaipha pomwepo, mudzaona OOMKilled ndi exit code 137. Za Java, mayi, samalani mbali zonse ziwiri. Java ya masiku ano ikakhala mu container ndipo simunaiuze kanthu, heap yake (gawo la memory lomwe imasungamo zomwe ikugwira) imangotenga 25% ya limit, ndiye pa 4Gi yanuyo DHIS2 izipanikizika mu 1Gi zina zonse zikungokhala. Mukapsa mtima n'kulemba `-Xmx4g` pa limit ya 4Gi, iphedwa, chifukwa Java imadyanso memory ina kunja kwa heap. Ikani cha m'ma `-Xmx3g` kudzera mu `JAVA_TOOL_OPTIONS`, ndipo request ndi limit zikhale zofanana, pa memory ndi pa CPU pomwe, kuti pod ilowe gulu la Guaranteed.

Tsopano chomwe mwafunsa ngati chili ndi tanthauzo. Chili nalo, lalikulu. Capacity ikafanana ndi Allocatable ndiye kuti palibe chomwe mwasungira Linux mwiniwake, containerd, ssh, ndi k3s. Scheduler akuganiza kuti 7880Mi yonse ya seva1 ndi ya ma pod, pomwe k3s server payokha imadya mazana angapo a Mi. Mwagulitsa tikiti ya mpando wa dalaivala. Mu `/etc/rancher/k3s/config.yaml` onjezerani `kubelet-arg` ya `system-reserved=memory=1Gi` pa seva1, ndi 512Mi pa zinazo, n'kuyambitsanso k3s. Malo anu achepa pa pepala, koma akhala oona.

Disiki palibe amene waitchula. K3s imabwera ndi local-path, yomwe imagawira ma pod malo pa disiki ya node, ndipo 50Gi yomwe mwalemba mu PVC (pempho la disiki) ija local-path saiyeza ndi disiki, komanso saletsa database kupyola pamenepo. Ingopanga foda mu `/var/lib/rancher/k3s/storage` basi. Choncho lowani pa makinawo mulembe `df -h` ndi manja anu. Ma image nawonso amakhala pansi pa `/var/lib/rancher`. Disiki ikatsala pang'ono kudzaza node imalowa DiskPressure n'kuyamba kuthamangitsa ma pod, kuphatikizapo osalakwa. DHIS2 ikamapanga ma analytics table database imafufuma kwambiri, ndiye musayeze ndi kukula kwake kwa tsiku loyamba. Pa ntchito yomweyo PostgreSQL ingathe kudandaula kuti `could not resize shared memory segment`, chifukwa `/dev/shm` mu container imakhala 64MB yokha. Mankhwala ake ndi emptyDir ya `medium: Memory` yoikidwa pa `/dev/shm`, koma dziwani kuti zomwe zalowa mmenemo zimawerengedwa pa limit ya memory ya pod.

China cha local-path: node yomwe PostgreSQL idzagwere tsiku loyamba ndiyo kwawo mpaka kalekale, chifukwa data ili pa disiki ya makina amenewo. Mukamusiyira scheduler angathe kukaiika pa desktop ya ku accounts ija, poti 2Gi ikukwanapo. Sankhani node nokha polemba nodeSelector mu YAML.

Ndiye funso lomwe anzathu a ku Johannesburg aiwala, ngakhale nakonso magetsi anawazunzapo: pa makina atatuwa, ndi angati ali pa UPS? Node ikasowa, Kubernetes amadikira masekondi 300, kenako ma pod ake amayamba kufunafuna malo kwa anzawo otsala. Masamu omwe mwachita m'mawawa ndi a tsiku lomwe zonse zitatu zayaka. Chitaninso ena mutachotsa node imodzi.

kamdothi | Lachiwiri, 1:40 masana

Chabwino agogo, ndagonja. Ndapita kukayang'ana kanga kaja ndapeza pod ina ili ndi ma restart 41, ndimaganiza kuti ikuyenda bwino chifukwa nthawi zonse ndikamayang'ana imakhala Running. Last State ikuti OOMKilled. Sisi musamvere zanga zija.

mlongo_wa_seva | Lachisanu, 4:50 madzulo

Ndabwera kudzanena momwe zathera, poti ine zimandinyansa munthu akafunsa, n'kuthandizidwa, kenako ziii.

Achimwene a ku Joburg munalasa. Pulogalamu ya kafukufuku ili ndi ma pod awiri, iliyonse inalembetsa 4Gi, ndipo onse anakakhala pa seva2 chifukwa ndi pokhapo pomwe akanakwana. Lachiwiri iliyonse inkadya cha m'ma 700Mi. Ndinakafunsa anzanga a M&E (otsata ndi kuunika ntchito) kuti imatanganidwa liti, anati Lachinayi lililonse madzulo, anyamata a ku field akabwera kudzatsitsa zomwe alemba pa ma tablet. Ndiye ndinadikira dzulo, ndinakhala pampando ndi `watch kubectl top pods` kuyambira 3 koloko mpaka 6. Pomwe inakwera kwambiri inafika 1100Mi. Ndaipatsa 1536Mi iliyonse. Pamenepo pokha pabwerera 5120Mi. Chaka chathunthu ndakhala ndikupempha ndalama ya RAM mu bajeti, osadziwa kuti RAM ndinali nayo, inangogulidwa ndi munthu amene anachoka kalekale.

System-reserved ndaika monga munanenera agogo, 1Gi pa seva1 ndi 512Mi pa zinazo. Ndinachita usiku anthu ataweruka, node imodziimodzi, manja akunjenjemera, koma palibe chinagwa. Zitatha izi seva2 inatsala ndi 7658Mi. Ma busybox awiri aja ndinawayesa kawiri. Ulendo woyamba, wopanda nodeSelector, wa 2Gi anathamangira pa seva3 ndendende monga munalosera, ndinaseka ndekha m'kachipindamo. Ulendo wachiwiri ndinawamangirira pa seva2, onse anakhala Running. Ndinawafufuta n'kuika zenizeni. DHIS2 inatenga mphindi zingapo kuti idzuke koyamba, ndinayamba kutuluka thukuta, koma ma log ankasonyeza kuti ikumanga ma table ake.

Ndiulule: za Recreate ndinaiwala. M'mawa uno ndinasintha `-Xmx`, n'kupeza ma pod awiri a DHIS2, wina Running wina Pending. Kusiyana kwake ndi March n'kwakuti ulendo uno ndinatsikira pa Events, ndinawerenga Insufficient memory, ndinakumbukira, ndipo zinatha pa mphindi ziwiri. Analytics ndaiyendetsa kamodzi pa data yoyeserera, palibe chaphedwa. Disiki ya seva2 ili ndi 180GB yosagwiritsidwa ntchito.

Funso la UPS lija ndi lomwe landisowetsa tulo. Seva1 ndi seva2 zili pa UPS, seva3 ili pa khoma chabe, ndipo jenereta ya pano amaiyatsa ndi mlonda akamva kuti magetsi azima, nthawi zina mphindi khumi zimakwana. Seva3 ikazima, katundu wake wa pafupifupi 5Gi akufuna malo, pomwe pa seva1 patsala 1556Mi ndipo pa seva2 patsala 1514Mi. Sizikwana, ndipo ndinapeza kuti pod ya Nextcloud imene inali pa seva3 nthawi yonseyi. Mafayilo ake ali pa NAS, chosungira mafayilo chapadera cha pa network, ndiye ingathe kusamuka, koma ikanasowa pokhala. Ndaisamutsira pa seva1, ndipo tizinthu tosafunikira kwenikweni ta pa seva1 ndatikankhira ku seva3, kuti kukada tozima tikhale timeneto. Ndawerenganso za PriorityClass, yomwe imalola pod yofunika kuchotsa yosafunika malo akasowa, koma imeneyo ndiigwira maphunziro akatha, sindikufuna kuyesa zachilendo Lolemba lili pakhomo.

Abwana ndawauza kuti DHIS2 yakonzeka koma pakufunika UPS yachiwiri. Ayankha kuti ndibweretse ma quotation atatu. Alipo muno amene akudziwa kogula ya 1500VA ku Blantyre yoti mabatire ake amapezeka akatha? Yomwe tili nayoyi batire lake tinalisaka miyezi iwiri.